Malo a Pambali pa Earline

"Mwana ameneyo usapite naye kuchitunda," Verdell anamuuza mlongo wake Lonzie, uku akutembenuza milamba m'mafuta kuseri kwa tchalitchi. "Adye, akhute, ajambule tchalitchi ngati akufuna. Koma kamtsinje asawoloke. Ukangomuwolotsa, malo ako aja a pambali pa Earline uwaiwale."

Lonzie Tarver anaseka, n'kutsina kachidutswa ka nsomba m'beseni.

"Achemwali, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

"Chithunzithunzi changa sichinandigulitsepo. Chotsa dzanjalo, sunasambe."

Linali Lamulungu lija la mu Ogasiti lomwe ana a ku Pinkney amabwerera kwawo. Magalimoto a ku Detroit ndi ku Chicago anali mbwee pabwalo. Matebulo anali atayalidwa pansi pa mitengo, pali chikondamoyo, mpiru wophikira fupa la nkhumba, mapichesi, ndi tiyi wozizira wa shuga wambiri, uja amatha anthu mano. Mwambo wa tsikulo sunasinthepo. M'mawa kupemphera, masana kudya, dzuwa likapendeka apabanja okhaokha amatenga makasu ndi zikwanje kukalambula manda. Alendo amatsala pamthunzi, abusa n'kumawachedwetsa ndi nkhani.

Ku Pinkney mwana amaphunzira bodza limodzi asanaphunzire Pemphero la Ambuye. Mlendo akaloza nkhalango ya kutsidya kwa kamtsinje n'kufunsa kuti kuli chiyani, yankho lake ndi ili: "Ndi dambo, bwana, njoka zokhazokha." Oyeza malo a boma anauzidwa zomwezo kalekale. Anaponda matope a m'mphepete, anabwerera, n'kukalemba pamapu awo kuti dambo. Eni nkhalangoyo pamapepala ndi zidzukulu za mzungu amene ankalimitsa thonje kuno. Zinasamukira kutali, ndipo nazonso zinkadziwa kuti agogo awo anazisiyira matope ndi udzudzu. Sizinabwerepo n'kamodzi komwe.

Koma ukapirira matopewo pang'ono, nthaka imayamba kukwera. Pamwamba pake pali chitunda chachitali, chouma gwa, cha dothi lofiira. M'menemo ndi momwe agona anthu a ku Pinkney kuyambira pomwe ukapolo unatha. Ambiri alibe mwala wa dzina. Chizindikiro chawo ndi mkungudza wobzala kumutu, ndi chinthu chomwe munthuyo anachigwira komaliza: kapu, mbale, botolo la mankhwala, galasi la nyali. Malo amenewo sankatetezedwa ndi mpanda kapena pepala. Ankatetezedwa ndi pakamwa pa anthu. Ndipo pakamwa, muzidziwa, ndi chitseko chomwe chimatsegulidwira m'kati.

Earline, mkazi wa Lonzie, anagona kumapeto kwa mzere wa a Tarver. Kumanzere kwake kunatsala malo a munthu mmodzi. Lonzie ankawameta yekha udzu malowo, ndipo sankalola ngakhale mdzukulu kupondapo.

Imfa ya Earline ndi yomwe inamusandutsa munthu wa misonkhano. Mayiyo anagwa m'khitchini akusenda mbatata. Lonzie anaimba foni, n'kukhala pansi atamupakata mutu, kumadikira. Pinkney si mzinda, ilibe meya, ilibe khonsolo. Ili m'manja mwa boma la dera lonse, lotchedwa kaunti, lomwe likulu lake lili kutali, ndipo akuluakulu ake amakumbuka msewu wa kuno chaka cha chisankho chokha. Ambulansi inanyamuka kumeneko, inasochera chifukwa chikwangwani cha msewu chinagwa kalekale, inafika thupi litayamba kuzizira.

Tsono anthu a nyumba zatsopano za kutsidya kwa msewu waukulu anayamba kunena zoti dera lonseli lichoke m'manja mwa kaunti, likhale mzinda palokha, wotchedwa Ashbrook, wa meya wake, apolisi ake, ndi ambulansi yake pafupi. Lonzie anamva mawu omalizawo okha.

Lamulo limati malo ofuna kukhala mzinda apeze kaye anthu ophunzira awafufuze, anene ngati angathe kudzidyetsa okha. A ku Ashbrook anapita ku bungwe la Denholm. Limeneli ndi nyumba ya magalasi ku Atlanta, momwe anthu amalipidwa kuti aziganiza. Salima, sachiritsa, saweruza milandu. Amaganiza, amalemba zomwe aganizazo m'buku lonenepa, aphungu n'kumaliwerenga mokweza ngati Malemba. Munthu wolipidwa kuti aziganiza, muzifunsa kaye amene akumudyetsa. Lonzie sanafunse, chifukwa amene anatumidwa kudzafufuza anali Denitra.

Lonzie anayendetsa basi ya ana a sukulu mpaka anapuma ntchito, ndipo Denitra Ballard anali kamtsikana ka kumafulati a m'mbali mwa msewu waukulu, kochedwa tsiku ndi tsiku, kothamanga nsapato imodzi ili m'manja. Lonzie ankaima kumudikira, ngakhale lamulo silinkalola. Tsopano anali dokotala wa manambala, woyenda pagalimoto yosamveka kulira. Koma atamuona pabwalo la tchalitchi anamukumbatira n'kunena kuti, "Amalume, basi ija mukanapanda kumaiimitsa, bwenzi ndili kuti ine?" Mwamuna wamasiye akauzidwa mawu otero, makutu ake enawo amatsekeka.

Patebulo anakhazika Denitra pafupi ndi abusa. Anadya bwino, mosanyada, anapemphanso chikondamoyo china. Verdell anabwera ndi beseni la nsomba, anamuikira yaikulu, koma osachokapo.

"Mwana wanga, ndimve nawo. Malo mwafufuzapo ambiri?"

"Ambiri ndithu, mayi."

"Alipo omwe munawauza kuti ayi, inu mzinda simungauthe?"

"Alipo."

"Ankavotera chipani chiti amenewo?"

Denitra anaseka, n'kupukuta pakamwa. "Ife sitiyang'ana zipani, mayi. Timayang'ana manambala."

"Manambalawo ndi amene amakugulirani galimoto?"

"Achemwali," anatero Lonzie, "mlendo akudya."

"Ndamuona. Ndaphika ndine."

Olambula manda atabwerako, anthu ali pa zotsanzikana ndi kulongedza zotsala, Denitra anamupeza Lonzie akutsuka khasu pampopi.

"Amalume, mapu anga akuti kutsidyako ndi dambo. Nanga anthu onsewa amakatani kudambo, maluwa ali m'manja?"

Bodza lija linali kale palilime. Linali litakhalapo moyo wake wonse, lokonzeka ngati malovu. Koma Lonzie anaganiza kuti mzinda ukabwera osadziwa zomwe zili kumeneko, adzateteza ndani? Ndiponso, tinene zoona, ankafuna mwanayo aone. Ankafuna munthu wophunzira aime pachitundapo azizwe. Anamubwereka majombo a Earline, omwe ankakhalabe kumbuyo kwa galimoto yake.

Verdell anawaona akutsetserekera ku kamtsinje. Sanaitane. Anangoima ndi chiwaya m'manja mpaka mitengo inawameza.

Pachitunda Denitra anawerama kuyang'ana makapu okwiririka theka m'dothi, anasisita khungwa la mkungudza. Pa mwala wa Earline panali kapu yobiriwira ya khofi, yothyoka chogwirira. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo inali misozi yeniyeni. Musamaganize kuti wodzakupwetekani amabwera ndi maso ouma.

"Apa ndi panga," anatero Lonzie, akuloza ndi phazi udzu wometa bwino. "Ndinamuuza kuti asatambasuke kwambiri, ndikubwera."

"Madzi safika kuno?"

"Kuno?" Lonzie anaponda pansi mwamphamvu, fumbi lofiira linabuka. "Chigumula chija chinakokolola mlatho wa pamsewu waukulu, ife tinali ndi maliro kuno, okumba n'kumadandaula kuti nthaka yalimba. Chitundachi chimayenda chonchi mpaka kunjanji. Kumba pomwe ukufuna, madzi suwapeza. Makolo athu sankadziwa kuwerenga, koma anthu awo sanawagoneke m'matope."

"Mpaka kunjanji," Denitra anabwereza motsitsa mawu. Anatulutsa foni, anadinadina. "Ndikulemba kuti malo ano atetezedwe, amalume. Mzinda ukabwera, pano pasadzafike munthu."

Atabwerera pabwalo anapeza magalimoto atatha. Denitra anatsanzika, anapita. Verdell anali atakhala pamasitepe a tchalitchi, chikwama chili pamiyendo.

"Wamuuza kuti n'kouma?"

"Walira, achemwali. Mukanamuona."

"Sindinafunse za maso ake. Ndafunsa za pakamwa pako."

Lonzie anatsegula chitseko cha galimoto. "Kwerani tizipita, udzudzu wayamba."

Buku la a Denholm linatuluka masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Linati mzinda wa Ashbrook ungathe kudzidyetsa, n'kutsalako zina. Lonzie sanaliwerenge. Linali lonenepa ngati Baibulo la paguwa, ndipo Denitra anali atamuuza kale pafoni zomwe zinali m'katimo. A Ashbrook anamupatsa malaya obiriwira olembedwa INDE pachifuwa. Anamujambula ataima pakhonde la tchalitchi, chithunzicho n'kuchikhoma m'mbali mwa msewu waukulu, chachikulu kuposa nyumba yake. Ankamutenga pagalimoto kukayankhula kwa anthu a nyumba zatsopano, ndipo akafika pa ambulansi yosochera, azimayi achizungu ankapukuta m'maso. Wina akanena kuti mzindawu ndi wa olemera ofuna kuthawa osauka, a Ashbrook ankangoloza chithunzicho: nanga adikoni Tarver ndi olemera?

Ku Pinkney anayenda khomo ndi khomo. Mayi Odessa Pinkney, wamkulu kuposa onse, mdzukulu wa amene anayambitsa malowa, anamulandirira pakhonde akusenda nyemba.

"Adikoni, ndakuonani pamsewu paja. Mano akupakani utoto kapena ndi anu?"

"Ndi anga, mayi. Mudzavota inde?"

"Anthu aja a kutsidya kwa msewu sanatipatsepo moni. Lero atikonda chifukwa chiyani?"

"Nthawi zasintha."

"Nthawi zimasintha, inde. Ine ndidzavotera inuyo, osati iwo. Munandiperekezera amuna anga kuchitunda mvula ikugwa. Mukati inde, ndi inde."

Anthu ambiri anamuyankha chimodzimodzi. Lonzie ankachoka pamakomowo mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti wasenza katundu wa mudzi wonse pamutu wopanda nkhata.

Linatulukanso buku lina, la bungwe lina la oganiza, lodyetsedwa ndi chipani chinacho, chomwe anthu a ku Pinkney amavotera. Limenelo linati mzindawo udzagwa chagada usanayambe n'kuyenda komwe. Amenewo ku Pinkney anatumako munthu wa kamera, amene anajambula nyumba yakugwa ya malemu Tillery, momwe simukhala munthu, ali m'galimoto, zenera atatsitsa theka, n'kubwerera. Pamsonkhano wa kuholo ya sukulu mabuku awiriwo anaikidwa patebulo, lina uku lina uku, eni ake n'kumajomphana ndi manambala ngati atambala. Onse ankatchula Pinkney. Panalibe anafunsa Pinkney.

Pakhoma anakhomapo mapu, okhala ndi mzere wofiira wozungulira malo onse odzakhala mzinda. Pinkney inali m'kati. Lonzie anapita kutsogolo, anaika chala pa msewu wawo kuti aliyense aone.

Potuluka Verdell anamugwira mkono wa jekete.

"Mzere wa papepala ndi ulusi, Lonzie. Amene wausoka angathe kuuphwasula. Ndiye kunkhalango ndaonako timaliboni tofiira tomanga pamitengo. Wamanga ndani?"

"Ndi oyeza malo, achemwali. Akuika malire a manda kuti atetezedwe."

"Manda ali pachitunda. Timaliboni tafika mpaka kunjanji. Anthu athu anafa ambiri choncho?"

Mawuwo anamulowa ngati munga. M'mawa mwake anaimba foni kwa Denitra. Anayankha munthu wina wa muofesi, kuti adokotala ali pamsonkhano. Anaimbanso tsiku lina, msonkhano unali usanathe. Kachitatu sanaimbe. Munthu akakwera mumtengo wautali anthu akumuombera m'manja, safuna kumva kuti nthambi yalira.

Nkhani inapita ku nyumba ya malamulo. Aphungu anakambirana, anasintha tina ndi tina, n'kulola kuti anthu avote. Zosinthazo zinalembedwa munyuzipepala ndi timalemba tating'ono, m'chiyankhulo cha oyeza malo, chomwe ku Pinkney kulibe amachimva. Zikwangwani za mumsewu zinatsala ndi mapu akale aja.

Tsiku lovota Lonzie anavala malaya obiriwira, n'kuwaphimba ndi jekete la ku tchalitchi, poti pamalo ovotera salola zovala za kampeni. Anabwereka basi ya tchalitchi, anatenga okalamba onse a ku Pinkney, ena a ndodo, ena a njinga za olumala. Anawatsitsa mmodzimmodzi, iye n'kulowa womaliza.

Pamakina ovotera panabwera dzina la woweruza, anadina. Panabwera za msonkho wa sukulu, anadina. Kenako makinawo anamuthokoza.

Anakweza dzanja kuitana mayi woyang'anira.

"Mayi, makinawa adumpha funso. La mzinda."

Mayiyo anayang'ana kakhadi kake. "Mumakhala msewu wa Pinkney? Funso limenelo ndi la okhala m'kati mwa malire okha, bambo. Inu muli kunja."

"Ayi, tili m'kati. Mapu ndinawaona ndi maso angawa."

"Munaona akale."

Anamutengera pakhoma pafupi ndi chitseko. Mzere wofiira uja unatsata msewu waukulu, unatenga masitolo, unatenga nyumba zatsopano. Utafika pa Pinkney unapinda ngati galu wolambalala ndodo, unasiya nyumba zonse ndi tchalitchi, n'kutsata kamtsinje. Nkhalango yonse, chitunda, mpaka kunjanji, zinali m'kati. Amoyo kunja, akufa m'kati.

Panja okalamba anali atakwera kale basi. Onse anali atadina makina omwewo, onse anali atathokozedwa. Panalibe anamufunsa kanthu. Mayi Odessa anangoti, "Adikoni, tiyeni, mapiritsi anga ndasiya kunyumba." Pa msewu waukulu anadutsa pansi pa nkhope ya Lonzie, ikumwetulira.

INDE anapambana.

Sabata yomweyo Lonzie anapita ku Atlanta. Pansi pa nyumba ya magalasi mlonda anamulozera mpando wachitsulo, wozizira. Denitra anatsika yekha. Kumwamba sanamukweze.

"Amalume."

"Usandiitane choncho kaye. Ndiuze, unadziwa liti?"

Denitra anakhala pambali pake, manja pamaondo, maso pansi.

"Manambala ankakana," anatero. "Nyumba zokha sizingadyetse mzinda. Pamafunika malo omangapo zinyumba zosungiramo katundu, zolipira msonkho waukulu. Dera lonselo linalibe malo otero. Ndinatsala pang'ono kulemba kuti ayi."

"Ukanalemba."

"Ayi woteroyo kuno salembedwa. Amene anapempha kafukufukuyu ndi omwe amatisunga." Anakweza maso. "Kenako munandionetsa chitunda. Chouma, chachitali, chogundana ndi njanji. Ine ndinangotchula pamsonkhano kuti mapu a boma ndi olakwika. Mabwana anadzuka m'mipando."

"Nanga ife tinalakwa chiyani kuti mzere utidumphe?"

"Mumavotera kwina. Anaona kuti mukalowa, khonsolo siikhala yawo yonse. Zimenezo si ine, anapanga ndi a ku nyumba ya malamulo."

"Koma nkhope yanga inalowa."

Denitra anayang'ana kuchitseko. Lonzie anapitiriza.

"Unati ulemba za manda."

"Ndinalemba. Mutu wonse, ndi zithunzi zomwe. Anauchotsa buku lisanasindikizidwe. Anati si nkhani ya chuma."

"Dzina lako anachotsanso?"

"Ayi."

"Ntchito ukadali nayo?"

"Anandikweza." Mawuwo anatuluka pang'onopang'ono, ngati munthu akulavula fupa la nsomba.

Lonzie anadzuka, anavala chipewa. Anafuna kunena za basi ija, za nsapato ya m'manja, koma anazisiya. Anangoti, "Majombo a Earline unawabweza ali ndi matope. Ndinatsuka ndekha." Anatuluka osacheuka.

Zidzukulu za mzungu wa thonje zinalandira foni yomwe sizinaiyembekezere, ndipo zinagulitsa dambo lawo zikuseka. Mathirakitala analowera kunjanji. Ku Pinkney anthu ankamva mikungudza ikugwa ali patebulo, n'kumaika masipuni pansi. Lamulo limaletsa kumanga pamanda, n'zoona. Koma kwa anthu a mapepala, manda ndi pomwe pali mwala wa dzina. Anazinga ndi waya kangodya ka miyala, momwe munali Earline. Kwina konseko, makapu ndi mbale zija, anati ndi zinyalala za osaka nyama. Tchalitchi chinapeza loya, ndipo mlandu ukuyendabe, pamwamba pa konkire.

Khonsolo yatsopano inakhazikitsa malamulo ake. Limodzi linati mumzinda wa Ashbrook munthu saikidwa paliponse, koma kumanda a chiphaso okha. Kangodya ka waya kaja chiphaso kanalibe.

Lonzie anavala suti yake ya maliro, anapita ku msonkhano wa khonsolo. M'khonde la holo yatsopano munali chithunzi chake chija, m'felemu, pakati pa oyambitsa mzinda. Nthawi ya anthu kuyankhula itakwana anapita pa maikolofoni.

"Dzina, ndi komwe mumakhala," anatero meya, bambo waulemu amene ankamutsegulira chitseko cha galimoto nthawi ya kampeni.

"Lonzie Tarver. Mukundidziwa."

"Mumakhala mumzinda muno, a Tarver? Nthawi ino ndi ya okhala mumzinda."

"Mkazi wanga amakhala muno."

Wina anaseka kumbuyo, n'kuleka msanga. Meya anayang'ana loya wa khonsolo, loya anapukusa mutu. Maikolofoni inazima. Lonzie anayankhulabe pang'ono, koma holoyo inali yaikulu, ndipo anthu anali atayamba kale nkhani ya magetsi a pabwalo la masewero.

Ambulansi anaigula, yoyera, yonyezimira. Ili pafupi, ukaima pakhonde la tchalitchi umaimva ikulira. Ntchito yake imathera pakamtsinje.

Ogasiti wotsatira magalimoto a ku Detroit anabwera ochepa. Dzuwa litapendeka panalibe powolokera, kutsidya kwa kamtsinje kunali mpanda. Olambula anazungulira pa msewu waukulu, anakapempha kiyi kwa mlonda wa pageti, anadutsa ndi makasu awo pakati pa malole. Ambiri anakangoima, poti anthu awo anali pansi pa konkire, ndipo maluwa analibe powaika. Pemphero la patebulo, lomwe Lonzie ankapereka chaka ndi chaka, abusa anapatsa wina. Panalibe anamutukwana. Zikanakhala bwino akanamutukwana. Mayi Odessa anamupatsa moni wa mlendo, waulemu wonse. Verdell anabwera ndi beseni, sananene kuti ndinakuuza. Anangomuikira nsomba yaing'ono.

Lonzie anamwalira m'nyengo yozizira, pampando wake wa pakhonde, atayang'ana kutsidya komwe magetsi a zinyumba za katundu sazima. Verdell anapita yekha kukhonsolo kukapempha, atavala chipewa chakuda. Anawauza kuti malo alipo kale, ometa, a munthu mmodzi. Anamupatsa madzi akumwa, anamupepesa, anamuuza kuti lamulo ndi lamulo. Denitra anatumiza nkhata yaikulu ya maluwa. Verdell anaibweza pagalimoto yomweyo.

Anamuika kumanda olipira a m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa anthu omwe sanadyepo nawo. Kumeneko salola mtengo, salola mwala woimirira, koma kachitsulo kogona pansi kuti makina ometa udzu azidutsa bwino. Verdell anaika kumutu kapu ya mlongo wake, inzake ya yobiriwira ija. Atabweranso Lamulungu anaipeza mu bini ya pageti, pamodzi ndi maluwa ofota.

Malo aja a pambali pa Earline alipobe, m'kati mwa waya, udzu utafika m'chiuno. Lonzie wagona kutsidya kwa msewu, ndipo pakati pa awiriwo pamadutsa malole.